Njira ya Mchere: Masewero Amene Anatithawa m'Sitolo

Chifundo ndi Tadala, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene anthu achilendo amandiimitsira pa Namitete n'kumandipatsa moni ngati mbale wawo. Tsopano popeza ndapuma pa ntchito ndipo maso akadaona, ndati ndilembe ndekha, kuopa kuti mawa mungadzamve za m'maluwa. Za ubwana wanga ku Mpingu mukuzidziwa kale, ndiye ndizilumpha. Ndiyambira pamene ndinalowa ntchito.

Namitete, zaka za m'ma 1990

Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa m'sitolo ya a Kamwendo. Kutsogolo tinkagulitsa makope, zolembera, choko ndi mabuku a nyimbo. Kuseri kwa katani kunali makina otayipira ndi chimakina chopukusa ndi dzanja, chimene tinkasindikizira mayeso a sukulu, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. A Kamwendo anali munthu wamtali, wosaseka wamba, wovala jekete ngakhale dzuwa la mu Okutobala. Tsiku loyamba ndinalakwitsa mawu pa sitensulo, pepala lotayipapo loika m'chimakina chija, ndipo ndinaikwinya kuti nditaye. Iwo anaitola m'dengu, anaiwongola pa tebulo, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe Nabanda, ukudziwa kumene yachokera imeneyi? Yakwera basi kuchokera ku Lilongwe. Iwe wabwera wapansi. Uziilemekeza."

Anandionetsa kamatidwe ka polakwika ndi mankhwala ofiira onunkha ngati a zikhadabo, ndipo kuyambira pamenepo sindinatayenso sitensulo. Masiku amenewo mapepala ankasowa kawirikawiri. Nthawi ina kunagwa maliro a munthu wodziwika ku Chitedze, ife tilibe pepala ngakhale limodzi loyera. Tinasindikiza pulogalamu kuseri kwa mayeso a masamu amene anatsala, moti anthu pamaliro ankati akatembenuza pepala ankapeza mafunso a kugawa ndi kuchulukitsa. Palibe anadandaula. A Kamwendo anali ndi mawu awo amene ankawabwereza ngati pemphero: "Malonda ndi chinthu chokhala pa shelefu. Munthu achione, achigwire, alipire, achinyamule." Ine ndinawakhulupirira kwathunthu, pakuti mawu amenewo ndiwo ankatidyetsa.

Nsaru, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000

A Kamwendo atagula makina a fotokope awiri, anatsegula kasitolo kena ku Nsaru, ndipo ananditumiza kumeneko. Iwe Chifundo unali utayamba kumene sukulu, Tadala ali kumsana. Bambo anu ankabwera pa njinga Loweruka lokha. Kasitolo kanali kachipinda kamodzi pafupi ndi msika, ndipo mdani wathu wamkulu anali magetsi. Ankazima anthu ali pamzere ndi ziphaso zawo m'manja. Jenereta tinali nayo, koma mafuta akasowa inkangokhala pakona ngati mbuzi yodwala. Ndinaphunzira kutayipa pa kompyuta kumeneko, ndekha, pofunsa aphunzitsi amene ankabwera kudzasindikiza mayeso. Ndinaphunziranso kuti ndalama za kuno zili ndi nyengo. Msika wa fodya ukatsegulidwa aliyense amafuna chiphaso chake chikutidwe ndi pulasitiki, koma Januwale akafika ngakhale kope limodzi munthu amalinenerera. Miyendo ya a Kamwendo itayamba kuvuta, anandiitana kuti ndibwerere ku Namitete ndikayendetse sitolo yaikulu. Tsiku limenelo ndi limene anasiya kunditchula kuti iwe. Anati, "A Nabanda, makiyi awa. Inu ndiye maso anga."

Namitete, zaka za m'ma 2010

Masana ena kunalowa bambo wina wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi waya, choko chili mbuu pa malaya. Anali a Mvula, mphunzitsi wa sekondale ina ya masana kufupi ndi Mpingu. Anandipatsa fulashi ya kompyuta n'kunena kuti muli buku limene akufuna kuti tisindikize ndi kugulitsa. Nditatsegula ndinaona mutu wakuti Njira ya Mchere. Ndinawerenga masamba angapo koma sindinamvetse. Sinali nthano, sanali mafunso a mayeso, komanso silinali sewero la pa siteji.

"Aphunzitsi, kodi limeneli ndi buku la chiyani?"

"Ndi masewero, amayi. Koma kufotokoza n'kovuta. Mundibwereke tebulo lanu ndi anthu awiri."

Ndinaitana amayi ogulitsa mandasi pakhonde lathu ndi telala woyandikana nafe. A Mvula anatiuza kuti tili m'nthawi yamakedzana, ndipo ndife apaulendo onyamula mchere kuchoka kudambo lakutali kupita kumudzi kumene anthu akudwala chifukwa chosowa mcherewo. Aliyense asankhe kuti akhale munthu wotani. Telala anasankha kukhala wosula makasu, amayi a mandasi anati iwo ndi mlenje, ine ndinati ndine mzamba. Kenako a Mvula anatsitsa mawu n'kuyamba kufotokoza njira, udzu wautali, fungo la mvula, ndi mtsinje wodzaza umene unatitsekera. Anafunsa kuti tichita chiyani. Telala anati adula mtengo ukhale mlatho. A Mvula anamupatsa madayisi, timiyala tamadontho tija, kuti aponye, ndipo madontho atachepa anati nkhwangwa yaguluka n'kugwera m'madzi. Ana anga, ine munthu wamkulu, wa ana awiri, mtima unagunda ngati nkhwangwayo inali yanga. Tinakangana, tinapangana, tinawoloka movutika, mchere wina unasungunuka. Titafika kumudzi kuja tinapeza mayi ali pa ululu wobereka, ndipo onse anatembenukira kwa ine. Ndinaponya madayisi. Mwana anabadwa wamoyo, amayi a mandasi anaimba nthungululu m'sitolo, ndipo titadzidzimuka tinaona kuti pakhomo padzaza anthu, mandasi atha kudyedwa ndi ana, wina wakhala akudikira fotokope osadandaula chifukwa nayenso amafuna kumva mathero. Sindinayambe ndaonapo chinthu chotero. Panalibe kanema, panalibe chithunzi, koma tonse tinauona mtsinje uja.

A Mvula anatiuza kuti nzeruyi anaitenga m'buku la Chingerezi limene mphunzitsi wina wachizungu anasiya pasukulu pawo, lodzaza ndi zinjoka zouluka ndi malupanga. Iwo anataya zinjokazo n'kuikamo zathu: madambo, njuchi, mikango, alendo ofuna malo ogona, milandu ya pamadzi. A Kamwendo anavomera kulipira mapepala ndi inki, n'kupangana kuti phindu azigawana ndi a Mvula. Buku linali chinthu cha pa shelefu, ndiye analibe nalo vuto.

Vuto linabwera ndi madayisi. Choyamba ankasowa, mpaka ku Lilongwe. Chachiwiri, mkulu wa mpingo wina anabwera m'sitolo nkhope ili gwa, n'kunena kuti tikuphunzitsa ana njuga, mwinanso ula. Tinamukhazika pansi kuti aonere. Anaonera mpaka kumapeto, ndipo potuluka anati, "Nkhaniyo ndi yabwino, ilibe choipa. Koma timiyalato ndi tomwe tija ta kumowa. Chotsani." A Mvula anapita kwawo ali khuma, koma patapita masiku anabwerera akumwetulira, thumba la malaya likulira. Anakhuthula pa tebulo zitsekerero za mabotolo zisanu. Lamulo latsopano linali lakuti munthu aponye zitsekererozo. Zambiri zikagwa chagada, chimene wayesa chatheka, zikavundikira chalephereka. Tinasindikizanso bukulo, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amene anali ndi buku ndi dzala pafupi anali ndi zonse zofunika.

Mabuku ankayenda pang'onopang'ono. Tinkapatsira makondakitala a minibasi kuti akasiye ku Nsaru ndi ku Nambuma, aphunzitsi ena ankagula, achinyamata a kumpingo ankasonkherana. Kenako, mafoni oonetsa zithunzi atachuluka, malonda anangoti zii. Mabuku anayamba kuchita fumbi. Tinadabwa, chifukwa mbiri ya masewero inkamveka paliponse. Tsiku lina kondakitala wina anandionetsa foni yake akuseka. Wina anajambula buku lathu tsamba ndi tsamba n'kuliponya m'magulu a pa foni, ndipo linkayenda ulele ngati mphepo. A Kamwendo atamva anamenya ndodo yawo pansi.

"Kumeneku ndi kuba! Munthu walowa m'sitolo mwanga osathyola chitseko. A Nabanda, mumupeze."

Nanga ndikanamupeza bwanji? Inenso ndinakwiya, chifukwa buku lija ndinalitayipa ndi zala zanga.

Kabudula, dzinja lina la zaka zomwezo

Esiteti ina ya fodya kufupi ndi Kabudula inkasindikizitsa mabuku a malisiti kwa ife, ndipo ulendo wina ndinakasiya ndekha pa kabaza. Ndinafika nthawi ya nkhomaliro, kalaliki kulibe. Ndikudikira, ndinamva phokoso m'chigafa, mmene amayanikamo fodya. Ndinaganiza kuti kwabuka ndewu. Nditasuzumira ndinaona matenanti, amuna ndi akazi, atakhala mozungulira chiguduli pansi pa fodya wolendewera, manja ali bii ndi utomoni. Pakati panali bambo wina wa imvi, atagwira foni ya galasi losweka. Pa chiguduli panali zitsekerero.

Ndinaima kuseri kwa nsanamira ndi kumvetsera. Sanali kunyamula mchere. Ulendo wawo unali wochoka pa esiteti yomweyo kubwerera kwawo ku Phalombe mvula isanatseke njira. Wina anali dalaivala wa lole, wina namwino, wina mwini golosale. Bambo wa imviyo ankafotokoza msewu, malo okwerera, phiri likuonekera patali, mpaka fungo la kalongonda pamoto, mwina n'kumasakaniza ndi Chilomwe. Mayi wina wowonda, mwana ali kubere, anaponya zitsekerero kuti aone ngati amayi ake awapeza ali moyo. Onse anaweramira pa chiguduli. Zinagwa chagada. Mayiyo anaphimba nkhope ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, anzake akumusisita pamsana, ena akuseka, ena akupukuta misozi. Ndinabwera ndi mkwiyo wa miyezi yambiri, koma sindinaupezenso.

Atatha ndinapereka moni. Bamboyo anati dzina lawo ndi a Likaya. Ndinapempha kuona foni, ndipo pa tsamba loyamba ndinaona polakwika panga pamene ndinasinthanitsa zilembo m'mawu akuti mchere. Linali buku lathu ndithu.

"Kodi munalipeza kuti, bambo?"

"Anatitumizira mlamu wanga amene ali ku Joni. Kumeneko amasewera Lamlungu akaweruka kutchalitchi."

Ndinakhala pa belo la fodya. Buku lochokera pa Namitete, pamtunda woyenda pa njinga, linapita ku South Africa n'kubwerera lisanafike ku Kabudula. Nditawauza kuti ndine amene ndinalitayipa, anaimirira onse kudzandigwira chanza ndi manja awiri. Mayi uja anati, "Amayi, ine ndatha zaka osaponda kwathu. Ndimafikako pa chiguduli pano."

Pondiperekeza a Likaya anafunsa, "Kodi wolembayo alipo? Mukawauze kuti maulendo a m'bukumu tinawamaliza kalekale, n'chifukwa tikupeka athu. Akalemba ena atiuze. Ife kusonkha sitingakane, bola zifike pa foni, chifukwa ku Namitete sitingapiteko, abwana salola."

Mawu amenewa ndinawasunga mumtima njira yonse.

Mpingu, chaka chotsatira

Ndisanachitepo kanthu, a Mvula anagwa m'kalasi. Anali matenda a sitiroko. Anagonekedwa kuchipatala, ndipo pobwerera kunyumba dzanja ndi mwendo wakumanja zinali zitafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka amodziamodzi. Akazi awo, a Naphiri, analibe ntchito yolembedwa, ankangodalira kamunda ka mtedza. Nthawi yomweyo kunabwera bambo wina wa kampani ya mumzinda, wa galimoto yoyera, amene anamva za masewerowa. Anali waulemu ndipo sanabise kanthu. Ankafuna kugula Njira ya Mchere yonse ndi ndalama zambiri nthawi imodzi. Akanaiika m'pulogalamu ya pa foni yoti munthu azilipira asanatsegule, dzina likanasintha kukhala la Chingerezi, ife tikanasiya kusindikiza, ndipo iwo akanayamba kuletsa magulu onse amene ankagawana bukulo. A Kamwendo anavomera pomwepo. Anati Mulungu watumiza munthu woti atigule katundu wobedwa kale. Kunatsala a Mvula, ndipo woyankha m'malo mwawo anali a Naphiri.

A Naphiri anandiitana kwawo. Tinakhala pakhonde masana, a Mvula ali pa mpando wa ndalema atafunda bulangete ngakhale kunkatentha. A Naphiri anati, "A Nabanda, ine za mafoni sindizidziwa. Inu mwayenda nawo abambowa kuyambira pachiyambi. Mundiuze chochita, ndichita chomwecho."

Ana anga, pa moyo wanga wonse wa ntchito sindinasenzepo katundu wolemera ngati ameneyo. Ndalama zija zikanawatengera a Mvula kwa madokotala a mumzinda. Zikanafolera nyumba imene inkadontha. Koma ndinkadziwanso kuti foni yosweka ya a Likaya singatsegule pulogalamu yotero, ndipo matenanti sangalipire nthawi iliyonse akafuna kukhala pa chiguduli. Sindinayankhe mwachindunji. Ndinangofotokoza zimene ndinaona m'chigafa muja, zonse, mpaka mayi wophimba nkhope. Ndikulankhula, misozi inkatsika pa tsaya la a Mvula. Anayesa kunena kanthu, mawu akukana, mpaka anatulutsa limodzi lokha: "Asiyeni."

A Naphiri anaimirira, chitenje chikugwa. "Asiyeni! Inu bambo, asiyeni, nanga ife tidya chiyani? Anthu a ku Phalombewo adzabwera kudzakutembenuzani pa mphasa? Adzagula mankhwala?"

Ankanena zoona. Ndipamene ndinanena maganizo amene ndinabwera nawo kuchokera ku Kabudula. Ndinati buku loyamba lapita kale, tisalithamangitse. Tilikonze bwino, tiligawe tokha ulele, koma kumapeto kwake tilembepo nambala ya foni ya sitolo. Mwezi uliwonse tizitulutsa ulendo watsopano, ndipo gulu lofuna lizitumiza kangachepe pa foni, ife n'kulitumizira. A Mvula anali ndi maulendo ambiri osasindikizidwa mu kompyuta yawo. Ndinawauza a Naphiri mosabisa kuti sindikulonjeza kuti zitheka, ndiponso kuti ndalama zake sizidzabwera pamodzi ngati za bambo wa galimoto uja. A Naphiri anayang'ana amuna awo. Kenako anati, "Ndamva. Koma zikakanika, a Nabanda, mudzabwere mudzandiyang'ane m'maso."

Kwa a Kamwendo kunali kovuta koposa. Anandimvetsera atatseka maso.

"Mukuti tigawe ulele chinthu chimene ndinalipira mapepala ake? Ndiye tizigulitsa chiyani, mphepo?"

"Abwana, tizigulitsa mawa. Anthu ali ndi dzulo kale m'mafoni mwawo."

"Zolankhula za a Mvula zakulowani."

"Mundipatse mpaka msika wa fodya utsekedwe. Zikakanika ndidzabweza makiyi, mudzaike wina."

Anatsegula maso. Iwe Tadala unali ku sekondale yogonera komweko nthawi imeneyo, ndipo iwo ankadziwa kuti fizi yako inkachokera pa makiyi amenewo. Anati, "Mwanena nokha." Bambo wa kampani tinamukana mwaulemu, ndipo anapita osakwiya.

Namitete, zaka zomaliza za ntchito

Miyezi yoyamba inali yowawa. Tinayamba nthawi ya njala, pamene munthu sangagule nkhani ana akulira. Foni ya sitolo inkakhala duu tsiku lonse. Ndinkapita ku Mpingu ndi kangachepe kochititsa manyazi kukapatsa a Naphiri. Ulendo woyamba umene tinagulitsa unajambulidwanso n'kufalikira ulele. Ndinatsala pang'ono kugwa mphwayi. Koma tinaphunzira zinthu pang'onopang'ono. Tinayamba kulemba mayina a magulu olipira kumapeto kwa ulendo uliwonse, ndipo zinaoneka kuti anthu amanyadira kuona dzina la gulu lawo, moti ngakhale amene analandira ulele ankatumiza ndalama kuti nawonso alembedwe. Tinaona kuti foni imatha moto ndipo anthu ambiri sangayang'ane pa kagalasi kamodzi, choncho tinayamba kusindikiza mapu aakulu a maulendo ndi makadi a anthu ake, okutidwa ndi pulasitiki kuti asaope mvula kapena utomoni wa fodya. Amenewa makondakitala ankawanyamula mosavuta. Kwa osadziwa kuwerenga, telala uja, amene anali ndi mawu abwino, ankawerenga ulendo wonse n'kuujambula mawu. Loweruka tinkaphunzitsa otsogolera masewero kuseri kwa sitolo, ndipo ena a iwo anayamba kuchititsa masewero m'matiyirumu, mwini tiyi n'kumawapatsa kanthu chifukwa makasitomala ankakhalitsa.

Msika wa fodya utatsegulidwa, foni inayamba kulira. Inkalira m'mawa, masana, ndili kutchalitchi, ndili kubafa. Mauthenga a ndalama ankachokera ku Mchinji, ku Kasungu, ku Mzimba, ku Nsanje, malo amene ine sindinapondeko. Ena ankachokera ku Joni kudzera kwa abale awo. Tsiku lina a Kamwendo anabwera pa kabaza, anakhala pa mpando wawo wakale, n'kuika foniyo pa tebulo patsogolo pawo. Anaiyang'ana masana onse. Ikalira ankadzidzimuka, n'kundifunsa kuti ameneyo ndi wa kuti. Pomaliza anayang'ana mashelefu, anayang'ananso foni.

"A Nabanda, palibe chachoka pa shelefu."

"Palibe, abwana."

"Koma anthu alipira."

"Alipira."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene waona ng'ombe ikuuluka. "Ndakalamba ndisanadziwe malonda," anatero. Za makiyi sanazitchulenso.

Maulendo a a Mvula atatsala pang'ono kutha, ndinakumbukira chigafa chija. Tinalengeza kuti gulu lililonse lingatumize ulendo wake, ndipo umene tausankha mwini wake adzalandira gawo. Anabwera ambiri, ena olembedwa, ena a mawu. Ndinkapita nawo ku Mpingu kukawawerengera a Mvula, iwo n'kumagwedeza mutu kapena kukwinya nkhope, ndipo kusankha kwathu kunali komweko. Ulendo wa a Likaya wobwerera ku Phalombe ndi umene unagulidwa kuposa onse. Anthu a ku Joni ankaufuna mobwerezabwereza. Ndi gawo lawo a Likaya anakwera basi yeniyeni chaka chimenecho, iwo ndi banja lawo.

A Mvula anakhala nafe zaka zingapo, osachira kwenikweni, kenako anatisiya. Nyumba inafoleredwa iwo akadali moyo, mankhwala sanasowe, ndipo a Naphiri amalandirabe gawo lawo mwezi ndi mwezi. Koma sindikunamizani. Mpaka lero sindidziwa ngati madokotala a mumzinda akanawadzutsa tikanalandira ndalama zija nthawi imodzi. A Naphiri sanandifunsepo, inenso sindinawafunse. Timakhala limodzi pa maukwati ndi pa maliro, timagawana chitenje pakazizira, ndipo funsolo limakhala pakati pathu mwakachetechete. A Kamwendo nawonso anapita, sitolo ili m'manja mwa mwana wawo wamkazi, amene ndinamusiyira makiyi ndi foni ija.

Nambuma, chaka chatha

Nditapuma kale, ndinapita ku Nambuma kukaona mwana wa achemwali anga amene ankadikira nthawi yake ku chiyembekezo, nyumba imene amayi apakati amakhala pafupi ndi chipatala. Ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango ndi anzake, mimba zili patsogolo, atazungulira mphasa. Ankasewera. Panalibe buku, panalibe foni, panalibe mapu athu. Wotsogolera anali mayi wina wa kumudzi wa ku Dowa, wa mawu amphamvu, amene sankandidziwa. Mwana wa achemwali anafuna kunditchula koma ndinamutsina kuti akhale chete. Anandipatsa malo, ndipo ndinalowa ulendo wawo, umene unali wokagula mbuzi tsidya la Bua. Itafika nthawi yanga yowoloka, mayiyo anandipatsa zitsekerero, koma anati ndiyambe ndaziuzira mpweya, ndipo ndiponye ndi dzanja lamanzere. Ndinati, "Pepani amayi, kodi lamulo limeneli lilipo? Ine ndimadziwa kuti munthu amangoponya."

Anandiyang'ana mwachifundo, ngati mmene timayang'anira munthu wa m'tauni amene sadziwa kupeta.

"Amayi, mwina kwanuko. Koma awa ndi masewero a makolo, sitingawasinthe ife. Agogo athu ankasewera chonchi kalekale."

Anzake onse anavomereza ndi mitu. Ndinaganiza za a Mvula, amene anamwalira dzulodzuloli, atasanduka kale makolo pansi pa mtengo wa mango ku Nambuma. Ndinauzira mpweya zitsekerero zija, ndinaponya ndi dzanja lamanzere monga anandiuzira, ndipo zonse zinavundikira. Mtsinje unanditenga pamodzi ndi mbuzi yanga. Amayi aja anaseka mpaka wina anagwira mimba n'kuyamba kubuula, ndipo masewero anathera pomwepo, chifukwa tinamunyamula kuthamangira naye kwa anamwino. Anabereka mwana wamkazi dzuwa lisanalowe.